Uthenga wa lole unamira pati? Zokambirana za gulu la alimi a mtedza ndi soya, Kamwendo

Mlembi (aMbewe), 18:42
Mwaswera bwanji nonse. Lero ndalemba mtima ukuwawa. Lole ya wogula mtedza wathu yafika pa shedi m'mawa, yanyamuka 2 koloko masana yosadzadza. Anthu asanu ndi awiri sanabweretse matumba awo, ndipo onse akuti sanamve zoti tsiku lasintha kuchoka Lachinayi kubwera Lachiwiri. Chonsecho ine uthengawo ndinauika pano Lamulungu usiku, 9 koloko itangokwana. Ndithandizeni abale, unalowa pati?

Nabanda (Msungichuma), 18:49
Unalowa pansi pa maluwa, aMbewe. Ndabwerera m'mbuyo kuwerenga: kuyambira pa uthenga wanu kufika Lolemba masana pali mauthenga 143. Maluwa a moni wa m'mawa, mavesi, vidiyo ya mbuzi yokwezedwa pa njinga yamoto, mkangano wa Bullets ndi Noma womwe unadya theka la tsiku. Munthu wochokera kudimba ali wotopa angafukule zonsezo?

Wapampando (aPhiri), 18:53
Tiyankhule modekha. Palibe amene akuzengedwa mlandu pano.

aTembo a ku Mkanda, 18:55
(mawu ojambula, mphindi 7)

Nabanda (Msungichuma), 18:57
Mwaonatu.

Wa Sola pa Kamwendo, 19:06
Ndawamvetsera agogo m'malo mwa nonse, pa liwiro la 2x. Mphindi zitatu zoyambirira ndi moni ndi nkhani ya ng'ombe yawo yomwe ikutsimphina. Mfundo ndi yakuti kwawo netiweki imapezeka pa chulu cha kuseri kwa khola basi, ndipo amakwerapo kamodzi patsiku. Akakwera, mauthenga amakhuthuka onse nthawi imodzi, foni n'kuuma. Akuti matumba awo asanu ndi limodzi ali chisokereni, angodikira Lachinayi.

Mlembi (aMbewe), 19:09
Koma uthenga wangawo unaonetsa matiki awiri. Ine ndinagona podziwa kuti wafika.

Wa Sola pa Kamwendo, 19:15
Amalume, matiki awiri otuwa amatanthauza kuti uthenga walowa m'mafoni, osati m'mitu. Ndipo ngakhale asanduke a buluu, ndiye kuti tsamba latsegulidwa basi. Atha kukhala mwana amene amasaka vidiyo ya mbuzi ija. Chothandiza n'chakuti mudinikize chala pa uthenga wanuwo, musankhe Info. Pabwera magulu awiri a mayina: amene atsegula, ndi amene wangofika m'foni koma sanatsegule. Osapezeka konse pamenepo ndiye kuti foni zawo n'zozimitsa kapena alibe bandulo. Amenewo ndiye oimbira.

Mlembi (aMbewe), 19:21
Ndaona kumene. Mayina asanu ndi anayi anatsegula Lachiwiri lomwe lino masana, lole itapita. Bwenzi ukanandiphunzitsa kale iwe.

Wa Sola pa Kamwendo, 19:22
Mumangondisiyira foni yotchaja n'kumapita, amalume. Simufunsa.

Naphiri, 19:30
Ndine mwana wawo, ndikulemba zimene amayi akunena. Akuti pepani kulowerera akuluakulu, koma musanyoze mawu ojambula. Akuti iwo sukulu analekezera Sitandade 3, ndipo uthenga wolemba ukabwera amadikira ine ndibwere. Ndikachedwa ku masewero, uthengawo umagona. Mawu ojambula ndi okhawo amene amamva okha akusenda mtedza. Akuti iwonso ali m'gulu la asanu ndi awiriwo, ndipo sikuti uthenga unamira, anauona ndithu, koma anaona ngati ndi zolemba za mpira zomwezija chifukwa unali wautali.

Mlembi (aMbewe), 19:33
Unali wautali chifukwa ndinayamba ndi kulongosola chifukwa chimene wogula wasinthira tsiku.

Aphunzitsi Opuma (aZulu), 19:47
Ndiloleni ndiikepo mlomo, a Wapampando. AMbewe, ndawerenganso uthenga wanu uja ngati ndikuchonga chimangirizo. Muli mizere khumi ndi inayi. Mawu akuti Lachiwiri akupezeka pa mzere wa khumi ndi chimodzi. Pamwamba pali moni, kuthokoza Mulungu chifukwa cha zokolola, dandaulo la dalaivala pa nkhani ya dizilo, kenako mbiri ya msonkhano wa mwezi watha. Zonsezo n'zabwino, ndipo ndi mmene tinaleredwera: sufikira kuponya nkhani pakhomo pa munthu usanapatsidwe mpando. Koma foni si khonde. Munthu amaona mizere iwiri yoyamba yokha imene imatulukira pamwamba pa foni, n'kugamula ngati atsegule kapena ayi. Kale potumiza telegalamu ku positi ofesi timalipira liwu lililonse, ndiye munthu amalemba mawu anayi okha nkhani n'kumveka. Uthenga wa lole unayenera kuyamba motere: TSIKU LASINTHA. Lole ibwera Lachiwiri, 8 koloko m'mawa, pa shedi. Bwerani ndi matumba osoka ndi chiphaso. Za dizilo zikanabwera pambuyo kwa ofuna kudziwa.

Mlembi (aMbewe), 19:50
Ndalandira, aphunzitsi. Mwandibwezera mu Sitandade 8 koma ndalandira.

Wapampando (aPhiri), 19:52
Nanga sitingangoletsa maluwa ndi za mpira basi?

Nambewe, 19:58
Ayi a Wapampando, maluwawo asiyeni. Ine bambo a ana anamwalira, ana onse ali ku Lilongwe. M'mawa ndikayatsa foni n'kupeza anthu apereka moni, ndimamva kuti ndili pakati pa anthu. Cholakwika si moni. Cholakwika n'chakuti chimanga ndi gaga taziika m'dengu limodzi.

aMwale ku Johannesburg, 20:06
Moni nonse kumudzi, ndangoweruka kumene. Ine ndigwirizana ndi achemwali anga Nambewe. Gulu lino kwa ife akutali ndi mudzi. Atate anga nthawi ya Wenela ankalemba kalata, imafika mvula itayamba kale pomwe iwo amafunsa za kusosa. Ine lero mayi a kunyumba amandionetsa mizere ya soya pa vidiyo ndili pa nkhomaliro, n'kuwauza kuti apa mwatalikitsa mapando. Ndiye foni tisainyoze. Maganizo anga: bwanji misonkhano ikuluikulu tizipangira pa Zoom? Kuntchito kuno ndi mmene timachitira, aliyense amaoneka nkhope, nkhani imatha pomwepo. Nthawi ya kuno ndi ya kumudzi ndi imodzimodzi, palibe chovuta.

Nabanda (Msungichuma), 20:09
Alamu, inu muli pa intaneti ya abwana anu. Ife timagula kabandulo ka tsiku ka WhatsApp yokha, ndipo sikatsegula china chilichonse. Nkhope za anthu makumi anayi pa vidiyo zingadye ndalama ya sopo ya mwezi wonse.

Wa Sola pa Kamwendo, 20:14
Komanso Zoom yaulere imaduka pakatha mphindi 40. Pa msonkhano wathu mphindi 40 timakhala tikadali pa pemphero ndi kuitana mayina. Ngati komiti yokha ikufuna kulankhulana, kuimba kwa pagulu kwa WhatsApp popanda vidiyo kumakwana. Ndipo ngakhale foni za mabatani zambiri zimatha kulumikiza anthu angapo pa kuimba kumodzi, mayunitsi amadyeka kwa woimbayo.

aMwale ku Johannesburg, 20:16
Chabwino, ndabweza. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Nambewe, 20:31
Poti takhala pansi, ndiloleni nditulutse chimene chakhala chikundidya kuyambira mwezi wa Meyi. Sinditchula munthu. Tsiku lija ndinali ku chigayo, ndaima pamzere, thumba lili pakati pa miyendo, ufa uli mbuu kumaso. Foni inalira m'chitenje. Ndinaganiza kuti ndi za mtengo wa soya. Kutsegula, ndinaona chithunzi cha amalume anga, chija anajambulitsa pa ukwati atavala jekete la bulauni, pansi pake pali kandulo ndi mawu oti ause mumtendere. Anthu asanu ndi mmodzi anali atayankha kale kupepesa. Ine mwana wa mlongo wawo, amene ndinawasiya dzulo lake akumwa phala m'chipatala, ndinamvera pagulu la mtedza. Miyendo inandithera. Mnyamata wa pachigayo ndiye anandigwira n'kundikhazika pa thumba la munthu wina. Mpaka lero foni ikalira ndili pagulu la anthu ndimayamba ndapuma kaye.

Naphiri, 20:35
Amayi akuti pepani kwambiri anzanga. Akuti iwo anali m'gulu la oyankhawo, sankadziwa kuti simunamve.

Wapampando (aPhiri), 20:38
Pepani mayi. Izi zinatidutsa, ndipo inenso ndinangoona n'kukhala chete.

Aphunzitsi Opuma (aZulu), 20:52
Apa ndiye pagona nkhani, kuposa lole. Makolo athu sanali opusa. Zovuta zikagwa, oyamba kumva anali mwini mbumba ndi amfumu, ndipo anthu samayamba kulira amfumu asanauzidwe. Kenako amatumidwa anthu, osati mwana wamng'ono ayi, munthu wodziwa kuyenda ndi mawu. Akafika pakhomo samangoti uje wamwalira. Amayamba wakhala pansi, n'kuona ngati wolandira uthengayo ali ndi mnzake pafupi, kenako n'kunena kuti matenda aja akula, tiyeni mukaone. Wamkulu amamva yekha. Foni yatipatsa liwiro, koma yatilanda maso oona kuti munthuyo ali pati, waimirira kapena wakhala, ali pa njinga kapena pa chitsime. Ine sindikuti zovuta zisamalengezedwe pano. Zimathandiza, anthu a ku Kapiri ndi ku Waliranji amafika pa nthawi yake chifukwa cha gulu lomweli. Koma wolengeza akhale mmodzi, wotumidwa ndi banja, ndipo ayambe wafunsa ngati abale onse apafupi aimbiridwa. Kuthamangira kukhala woyamba kuika chithunzi si chisoni ayi.

aMwale ku Johannesburg, 20:57
Zoona aphunzitsi, ngakhale kwa ife akutali zili pawiri. Mnzanga wina kuno anabisiridwa masiku atatu poopa kumudzidzimutsa, anamva atayika kale. Ndiye kuimba kukhale kwachangu, osati kubisa.

Aphunzitsi Opuma (aZulu), 20:59
Eya. Kuimba msanga, kulemba pambuyo.

Nabanda (Msungichuma), 21:07
Ine yanga ndi ya ndalama. Mwezi watha ndinalandira uthenga pa foni wonena kuti ndalama ya masheya ija mutumize pa nambala iyi, yanga ija yavuta, pansi pake udindo wa a Wapampando. Ndinafika mpaka pa ejenti, ndalama zili m'manja. Mtsikana wa pa ejentiyo ndi amene anandiuza kuti mayi, taimbani kaye. Kuimba, aPhiri ali m'munda sakudziwa kanthu. Ndiye ndanena pano onse amve: ine sindidzatumiza kapena kusintha nambala yolandirira ndalama za gulu chifukwa cha uthenga wolemba, kaya ndi pa Airtel Money kaya pa Mpamba. Ndimve mawu anu kaye. Ndipo musanatsindike PIN muziwerenga dzina limene latuluka.

Wa Sola pa Kamwendo, 21:15
Powonjezera apo, pali ina imene yafala. Munthu amakuimbirani mwaulemu, amvekere tikukonza msonkhano wa pa intaneti wa alimi, takutumizirani manambala asanu ndi limodzi, tatiwerengereni. Manambala amenewo ndi kiyi wa WhatsApp yanu. Mukangowerenga, iye amalowa ngati inuyo, inu n'kutulutsidwa, kenako amayamba kupempha ndalama kwa abale anu onse m'dzina lanu. Musapatse munthu aliyense, ngakhale anene kuti ndi wa ku kampani. Loweruka aliyense abwere ndi foni ku shedi ndidzamuikire two-step verification, ndi PIN inanso ya manambala asanu ndi limodzi imene mumasankha nokha. Ndidzazimitsanso zoti zithunzi ndi mavidiyo zizilowa zokha, n'zimene zimakumalizirani bandulo ndi kudzadzitsa foni ya agogo aTembo. Sindilipiritsa, koma wobwera ndi chiponde sindimubweza.

Wapampando (aPhiri), 21:18
Nanga si nambala zonse tinalembetsa ndi ziphaso za unzika mu 2018? Akubawa sagwidwa bwanji?

Aphunzitsi Opuma (aZulu), 21:27
Tinalembetsadi, MACRA italamula. Koma wakuba salembetsa ndi chiphaso chake, amagwiritsa cha wina. N'chifukwa chake chiphaso sitibwereketsa, ngakhale kwa mdzukulu wofuna simu yachiwiri. Ndipo poti tili pa malamulo, dziwani kuti dziko lino lili ndi lamulo la 2016 lotchedwa Electronic Transactions and Cyber Security Act. Kunyoza, kuopseza kapena kuvutitsa munthu kudzera pa foni ndi mlandu. Ndanena izi chifukwa cha zija zimabwera pano zolembedwa pamwamba kuti zatumizidwa kambirimbiri, zonena anthu mayina. Kunena kuti ine ndangopatsira sikuchotsa dzina lako pa uthengawo. Walira mvula walira matope.

Nabanda (Msungichuma), 21:30
Ngati ija yoti mtedza wonyowetsedwa usanasendedwe umalemera bwino pa sikelo. Inazungulira pano kawiri. Alangizi anachita kubwera kudzatikumbutsa kuti madziwo ndi amene amabweretsa chuku, ndipo wogula akapeza chuku amabweza lole yonse, osati thumba la wonyowetsayo lokha.

aTembo a ku Mkanda, 21:33
(mawu ojambula, mphindi 4)

Wa Sola pa Kamwendo, 21:41
Agogo akweranso chulu usiku uno ndi tochi, tiwathokoze. Akuti vuto lina kwawo n'lakuti foni imathawira ku Zambia yokha. Amalandira kauthenga kowalandira m'dziko la eni ali pakhonde pawo, ndipo zikatero bandulo ya kuno sigwira. Agogo, imeneyo ndi nkhani ya kumalire, foni imangogwira nsanja imene ili ndi mphamvu. Loweruka ndidzaichotsa pa kusankha yokha, ndidzaimangirira pa netiweki ya kuno. Akutinso, ndipo apa ndanena mmene anenera, kale uthenga ukachoka kwa a Gulupu umafika khomo lililonse dzuwa lisanalowe, lero gulupu ili m'thumba la aliyense koma matumba awo agona m'nyumba.

Nambewe, 21:43
Hahaha agogo anena zoona. Ndaseka koyamba lero.

Wapampando (aPhiri), 21:56
Tamva zambiri, tsopano timange. Ine ndikuona chonchi. Gulu lino likhale mmene lilili, la macheza, maluwa a Nambewe ndi mpira womwe. Titsegule lina la zidziwitso zokhazokha, lomwe olemba ndi mlembi, msungichuma ndi ine basi. Mwana wa Sola akuti zimatheka kutseka kuti ena azingowerenga. Chidziwitso chilichonse chizibwera kawiri, cholemba chachifupi monga atiphunzitsira aZulu, ndi mawu ojambula osapitirira mphindi imodzi chifukwa cha Naphiri ndi anzawo. Koma chimene chikundivuta ndi ichi: m'kaundula tilimo 61, pagulu pano tilipo 38. Enawo ali ndi foni za mabatani, ena alibiretu. Pa asanu ndi awiri aja, atatu sali pano n'komwe. Tikukambirana za iwo iwo kulibe.

Mlembi (aMbewe), 21:59
Ndimawatumizira SMS ndikakhala ndi mayunitsi. Lamulungu ndinalibe, ndinati ndigula m'mawa, kenako ndinapita ku maliro kwa Nkhwazi n'kuiwala. Pamenepo ndiye ndinalakwa ine, osati maluwa.

Nabanda (Msungichuma), 22:03
Mayunitsi a mlembi azichokera m'thumba la gulu, tidzavomereze Loweruka. Si bwino munthu azidyera ndalama ya mchere wa kwake ntchito ya tonse.

Naphiri, 22:10
Amayi akuti ku banki mkhonde kwawo amachita chonchi: aliyense ali ndi mnzake womuyang'anira, akajomba amafunsidwa ndi mnzakeyo. Akuti bwanji aliyense wa foni yaikulu apatsidwe mayina a anthu oyandikana nawo amene sali pagulu, uthenga ukabwera apite ndi miyendo kapena aimbe, akatero auze mlembi kuti ndawapeza. Akuti iwo atenga Nasimango ndi apongozi awo, amatungira mjigo umodzi.

Aphunzitsi Opuma (aZulu), 22:13
Nzeru imeneyo yaposa zanga zonse zija. Ine nditenga awiri a kuseri kwa tchalitchi. Ndipo nkhani ikakhala yaikulu, monga tsiku la msonkhano wa pachaka, tikaperekenso ku wailesi ya Mudzi Wathu. Agogo ambiri wailesi sazimitsa.

aMwale ku Johannesburg, 22:16
Ine miyendo yanga siyifika, koma mayunitsi a mwezi woyamba nditumiza. Alamu Nabanda, ndikuimbirani kaye kuti mumve mawu anga, musati ndine wakuba.

Nabanda (Msungichuma), 22:17
Muimbe ndithu. Ndipo ndidzakufunsani dzina la galu wa kwanu.

Nambewe, 22:21
Nanga gulu latsopanolo likatsekedwa, ine ndikafuna kufunsa kuti sikelo ibwera ya ndani ndifunsira kuti? Tisapange zoti atatu okha ndiye ali ndi pakamwa. Magulu ena anatha chonchi, anthu kumangolandira malamulo.

Wapampando (aPhiri), 22:25
Funso labwino mayi, ndipo yankho lokwanira ndilibe. Mafunso azibwera pano pa macheza kapena kwa mlembi. Mwina adzamiranso, sindikana. Tiyese mwezi umodzi tione.

Wa Sola pa Kamwendo, 22:29
Pali kothandizira pang'ono. Pofunsa muziyamba ndi chizindikiro cha @ n'kusankha dzina la mlembi, foni yawo iwauza kuti atchulidwa. Ndipo uthenga wofunika ukhoza kukhomedwa pamwamba pa gulu kwa maola 24, masiku 7 kapena masiku 30, aliyense wotsegula amayamba kuona umenewo. Amalume aMbewe, ndikuonetsani mawa mukabwera kudzatchaja.

Mlembi (aMbewe), 22:34
Chabwino. Tsono nkhani ya matumba otsala. Ndalankhula ndi wogula, akuti lole ina idutsa kuchokera ku Kapiri sabata ya mawa, tsiku atiuza Lachisanu. Chonde asanu ndi awiri inu musathamangire kwa mavenda. Ndikangomva tsiku ndiimbira aliyense payekhapayekha.

Naphiri, 22:38
Amayi akuti zikomo. Koma ine Lamulungu ndikubwerera kusukulu yogonera konko, ndiye zolemba sadzakhala ndi wowawerengera mpaka tchuthi. Akuti muzijambula mawu, ndipo muzitchula tsiku kawiri.

Mlembi (aMbewe), 22:40
Ndalemba m'kope. Ndani akulowera ku Mkanda mawa? Agogo aTembo atsika pachulu, foni yawo sikulowanso, ndipo sanamve za lole yachiwiriyi.

Wa Sola pa Kamwendo, 22:42
Mnzanga wa kabaza amanyamuka 6 koloko ndi mabatire. Lembani kakalata, mundipatse m'mawa.